Nyama ya pa Waya

"Ng'ombe yofa yokha musadye," anatelo Esitere, koma mawu ake anamila m'phokoso la mipeni ndi mabeseni.

Ng'ombe ya a Stanislaus, aneba awo ku Ndake, inapezeka yakufa m'khola m'mawa, mimba itafufuma, magazi akuda akutuluka m'mphuno. Eniake anati aliyense wothandiza kusenda atengeko. Mudzi wonse unakhamukila komweko, pakuti anthu anali atatopa ndi mfutso. Luckson, mwamuna wa Esitere, anabwela ndi mwendo wathunthu paphewa, magazi mpaka m'zigongono, akuimba.

"Amake Goodness, tulutsani mchele! Khisimisi yabwela mu Okutobala!"

Amai Rabecca, apongozi ake a Esitere, analulutila. Anakhala pamphasa n'kuyamba kulenga nyamayo mizele italiitali, kuipaka mchele, Luckson akuyanika pa waya wa zovala. Waya unagwada. Agalu anasonkhana, ndipo azimai odutsa ankaima n'kufunsa ngati mafupa atsalako.

Esitere anamanga Goodness kumbuyo, ngakhale mwanayo anali atadziwa kale kuyenda.

"Amai, ng'ombe ija yafa ndi nthenda. Magazi ake sanagwilane, mwaona nokha."

"Nthenda yanji ingapilile dzuwa ili, mwana wanga? Ndi mchele pamwamba? Chilichonse chili m'menemu chifa."

"Sichifa, amai. Pa wailesi ananena Sondo yapitayi. Asayansi akufunafuna zizindikilo za tizilombo ku dziko lina kumwambaku, la Mars. Kulibe mtsinje, kumazizila koopsa, dzuwa limawotcha popanda chotchinga. Ndiye kumene akuyembekeza kuzipeza ndi mumchele ndi pansi pa miyala, poti ndi mmene zimasungika."

Amai Rabecca anaimika mpeni. "Kumeneko kuli ng'ombe?"

"Kulibe."

"Nanga akudya chiyani anthuwo?"

Luckson anaseka mpaka kugwila waya. "Mwamva, amai? Tinakwatila giledi 12! Amai a ku Mars!"

Dzinalo linamamatila. Ku mjigo, azimai ankamupatsa moni: "Mwauka bwanji kumwamba, amai a ku Mars?" Esitere ankasekako pang'ono, koma m'mutu mwake munali zimene anaphunzila ku sekondale: tizilombo tina timadzitsekela m'kachikopa kolimba n'kugona m'dothi louma zaka zambili, kudikila thupi lofunda.

Masiku otsatila mudzi unali ngati pa ukwati. Utsi wa nyama unkatuluka pakhomo lililonse. Amuna ankayenda ndi kamtengo m'mano, ana milomo ili ng'aning'ani. A Stanislaus, amene anataya ng'ombe, ankalandilidwa paliponse ngati mkwati. Esitere ankaphika za iye ndi mwana mu kapoto kake, ndipo sankamutsitsa Goodness pansi pa waya uja. Koma mwana ankalozabe kumwamba, akulila kuti, "Nama! Nama!"

Tsiku lina masana, Esitere akuchokela ku mjigo, anaona apongozi ake atamukhazika Goodness pamwendo, kamzele ka nyama youma kali m'dzanja la mwanayo, kakulunjika kukamwa. Chidebe chinagwa. Anathamanga, n'kukwatula nyamayo, n'kutsegula kamwa la mwana ndi chala.

"Waluma? Amai, waluma?"

"Iwe, ndimupha ine mdzukulu wanga? Mwana aziona nyama ndi maso tsiku ndi tsiku ngati wamasiye? Lelo wamulanda, mailo ukapita kumadzi adya. Ife tadya sabata yonse, wafa ndani?"

Esitere anatsuka manja a mwana ndi sopo.

Dzuwa litapendeka, Luckson anabwela kuchokela kumunda wa thonje n'kukhala pakhonde, akukanda mkono. Esitere anaugwila n'kuutembenuza. Pamwamba pa dzanja panali chilonda chotupa m'mbali, pakati pali bii ngati khala.

"Chayamba liti ichi?"

"Ndi kangaude chabe. Sichiwawa n'komwe."

"Mkono uwu ndi umene munalowetsa m'mimba mwa ng'ombe ija."

Luckson anafuna kuseka, koma kuseka sikunatuluke. Anayang'ana ku waya, kumene amai ake ankaanula nyama akuimba nyimbo ya kwaya.

"Morgan nayenso ali nacho," anatelo motsitsa mawu. "Uja tinkasenda naye. Chake chili pakhosi."

Esitere analowa m'nyumba. Anayala chitenge, n'kuikapo zovala za mwana, kapu yake ndi kapoto kaja. Luckson anaima pakhomo.

"Mukupita kuti, amake Goodness?"

"Kwa amai anga ku Kacholola. Ndinyamuka kusanache, apongozi asanadzuke. Ine sindingathe kulondela waya ndi mjigo nthawi imodzi. Mwana abwela kuno nyama ija ikachoka." Anamanga mfundo n'kuikoka ndi mano. "Kiliniki ili panjila yomweyo. Mkonowo ndi wanu."

Kunja amai Rabecca anafuula kuti wina abweletse thumba, nyama yauma bwino. Luckson anapita kuseli kwa chitseko, natulutsa pampu, nagwada pa njinga.

"Ndimuuze Morgan," anatelo, akupopa ndi dzanja limodzi. "Akonzenso yake."