Amene Anandisambitsa

"Mwanama, azakhali. Mwanama pamaso pa abusa ndi anthu onsewa."

Mawu anga anatuluka ofooka, komabe onse pabalaza anacheukira kwa ine. Azakhali a Lines anali ataimirira, Baibulo lili m'manja, atangomaliza kufotokoza mmene anandisamalirira miyezi iwiri m'chipatala. Anali mapemphero othokoza kuti ndachira, kunyumba kwawo ku Chitawira, kumene ndakhala chimwalirireni mayi anga.

"Salome, mankhwala aja akukuzunguza mutu," anatero akumwetulira kwa alendo.

Mutu unali bwinobwino. Yotopa inali miyendo.

Matenda oumitsa khosi anandigwetsera kuntchito, m'sitolo ya nsalu ku Limbe. M'wodi muja wodwala aliyense amakhala ndi gadiyani wake, womusambitsa, kumumwetsa phala, kuthamangira anesi diripi ikatha. Ine ndinalibe. Azakhali ankabwera Lamlungu lokha, atatchena, n'kuima kumiyendo kwa bedi mpango uli pamphuno.

Pabedi loyandikana ndi langa panali Shamila, mtsikana wamsinkhu wanga. Mayi ake, mayi Hajira, ankagona pansi atayala chitenje pakati pa mabedi athu. Tsiku lina ndinadziipitsira. Ndikulira ndi manyazi, iwo anangodzuka n'kutenga beseni.

"Usalire, mwanangu. Manja ndili nawo awiri, ananso muli awiri."

Shamila anamwalira m'sabata yachisanu, m'mawa, ndipo anakamuika tsiku lomwelo monga achitira Asilamu. Ndinati basi, zanga zada. Patapita masiku atatu ndinangoona mayi Hajira akulowa ndi fulasiki ya phala, maso ali otupa. Anayala chitenje pamalo pomwe paja.

"Kunyumba sikukukhalika," anatero. "Yasamula kukamwa, umwe phala."

Ndi iwowo amene anandiphunzitsanso kuyenda m'khonde la wodi, nditawagwira paphewa. Lero mapazi khumi, mawa khumi ndi awiri, mkuja kugwa n'kuyambiranso.

Kumapempherowo ndinawaitana ndine. Anakwera minibasi ziwiri kuchokera ku Bangwe. Azakhali atangoona mmene anafundira kumutu, anawaikira mpando kuseri, komwe kunkatsukidwa mbale. "Si a mpingo wathu, sangamasuke muno," anandinong'oneza. Ndinaumeza mkwiyo. Umboni wabodza uja ndiwo unandikanika kumeza.

Ndinagwira ndodo n'kudzuka. Kuchoka pampando kukafika kukhomo lakuseri panali mapazi makumi awiri ndi atatu, ndipo onsewo ndinawamva m'msana. Palibe amene anandigwira. Ndinawapeza mayi Hajira atakhala phee, mbale ya mpunga ili pamwendo, sanaikhudze.

"Mwanangu, zisiye," anatero, chifukwa anali atamva zonse. "Ine ndangobwera kudzakuona ukuyenda."

"Ndiye tiyeni mundione bwino, mayi."

Ndinalowa nawo pabalaza nditawagwira paphewa, monga kuwodi kuja, n'kuwakhazika pampando wanga, pafupi ndi abusa. Ine ndinatsamira khoma, thukuta lili kamukamu.

"Iwe mwana, ukundichititsa manyazi m'nyumba mwanga?"

"Ndatopa, azakhali, mphamvu zokangana ndilibe. Funso ndi limodzi. Kugona kuja kunandisiyira chilonda, mpaka lero sichinapole. Amene ankandisambitsa akuchidziwa."

Mayi Hajira anaweramitsa mutu. Abusa anatseka buku la nyimbo.

"Auzeni anthuwa, azakhali. Chili mbali iti, kumanja kapena kumanzere? Musayang'ane kudenga. Yankhani."