Mkono wa Juzi

Mng'ono wanga Ida anaphunzira kuluka kwa masisitere ku mishoni, ndipo chiyambire sanamalizepo chinthu chachikulu kuposa dzanja lake. Singano zake zinali masipoko a njinga onolera pamwala. Ankaluka timasokosi ndi tizipewa ta makanda, osati togulitsa, kungokonda basi. Kwathu kuno sitikonzeratu za mwana asanabadwe, kumeneko n'kuputa tsoka, ndiye changu cha Ida chinkawayanja anthu. Mayi akangochira pa Ulongwe pano, kaya ndi wa kutchalitchi kaya wa kumzikiti, Ida ankakhala pakhonde ndi masipoko ake, ndipo mwana asanatuluke m'chikuta kachipewa kafika kale. Iye mwini analibe mwana, koma nkhani imeneyo sitinkaitchula.

Ine changu chakecho chinkandipsetsa mtima. Ndinkamuuza kuti munthu wamkulu sangamangoluka zinthu zoti nkhuku ikhoza kuthawa nazo. Iye ankaseka, n'kunena kuti chinthu chachikulu chimamutopetsa asanachiyambe, pomwe kachipewa umakayamba utatsuka mbale, pofika mawa mwana wa munthu wafunda.

Mwamuna wake, a Willard, ananyamuka chaka cha njala chija kukafuna ntchito ku Halale. Tinawaperekeza mpaka pa siteshoni ya Balaka. Sitima isanafike anapempha chinthu chimodzi chokha, juzi, chifukwa anamva kuti kumeneko kumazizira mpaka madzi kuuma m'ndowa. Ida anavomera ine ndikumva.

Zaka zinayamba kupita. Poyamba aliyense wobwerera kuchokera ku Halale ankafika ndi moni wa a Willard, mwina ndi kansalu. Kenako moni uja anayamba kudumphadumpha, mpaka anthu obwerera ankangoti tauniyo ndi yaikulu, munthu sungaonane ndi aliyense. Kuchitsime azimayi anayamba kutchula liwu loti mtchona, Ida akatulukira n'kusintha nkhani. Funso linali limodzi, ndipo tonse tinkalidziwa: kodi Ida akadali pabanja, kapena akusesera nyumba munthu amene sadzabweranso?

Ine ndinkaloza chala juzi. Ndinkakhulupirira kuti mwamuna wovala juzi yoluka mkazi wake amakumbukira kwawo m'mawa uliwonse. Ndinamukalipira Ida mpaka anagonja. Mnansi wathu a Sakina anatipatsa juzi yakale ya malemu amuna awo, ya usilikali wa Keyala, ndipo tinaimasula, ulusi wake n'kuuviika m'madzi kuti uwongoke. Ida anayambira mkono, poti ndiwo mbali yaing'ono. Sabata imeneyo kunabadwa mwana kwa a Bakari, mkono uja n'kuikidwa m'lichero. Utatuluka m'lichero kunabadwa mapasa kutsidya kwa msewu. Mwezi unatha mkono uli pachigongono.

Apa m'pamene abale a Willard anagwirizana zotuma mng'ono wawo Japhet kuti akamuone mkulu wakeyo ndi maso. Uthenga unatipeza Japhet atamanga kale katundu. Ndinamuyang'ana Ida, iye n'kuyang'ana mkono wa juzi uja. Kenako anasolola masipoko, n'kupisa ulusi kumapeto kwake, n'kukoka mpaka kukamwa kunatsekeka ngati kathumba ka mchere. Pamwamba anasokererapo kampira ka ulusi. Mkono wa juzi unasanduka chipewa madzi a pamoto asanawire.

Ndinachiveka chibakera changa, ndipo chinakwana bwino lomwe. Ndinamufunsa ngati wayiwala mutu wa mwamuna wake, mutu umene pa Ulongwe ponse unkadziwika kuti chisoti cha m'sitolo sichiulowa. Anandiyankha kuti ulusi umatamuka. Ndinachita manyazi kwambiri kuona Japhet akulandira kanthu kameneko ndi manja awiri, n'kukaika m'thumba la malaya.

Anabwerako mvula itatha, atavala nsapato. Anafika kwathu masana ndi nsalu yatsopano ndi mitanda ya sopo, akuti zochokera kwa a Willard. Tinamuyalira mkeka pansi pa mtengo wa mango. Japhet ndi munthu wolongolola, ndipo tsiku limenelo analongolola moposa. Anatiuza za nyumba zosanjikizana, za magetsi a m'misewu, za mabasi. Anati mkulu wake ali bwino, wanenepa, akuphikira mzungu wina, ndipo adzabwera bwana akadzamupatsa tchuthi. Tchuthi chake liti, sanatchule. Ine ndinaona kuti akuzungulira ngati galu wofuna pogona, koma ndinati ndisamudule mlendo.

Ida ankamvetsera akuluka kasokosi. Japhet atapuma kuti amwe madzi, iye anafunsa osadzutsa mutu.

"Nanga chipewa chija, alamu, chinawakwana?"

"Chinachepa pang'ono, alamu," anatero Japhet akuseka. "Koma sichinapite pachabe iyayi. Chester sachivula, ngakhale pogona."

Atangotero anatseka pakamwa, n'kuyamba kuyang'ana nsapato zake. Ndinamufunsa kuti Chester ndi ndani, ngakhale yankho ndinali nditalidziwa kale. Linatuluka pang'onopang'ono. Chester anali mwana wa a Willard. Mayi ake anali mkazi wa komweko, ndipo ankakhala nyumba imodzi. Abale anamulangiza Japhet kuti nkhaniyi akaitule kaye kwa ankhoswe, kwa ife angosiya sopo ndi moni. Iye anasunga pakamwa njira yonse ya sitima, n'kudzagwa ndi funso la chipewa.

Ndinakwiya kwambiri. Ndinakwiyira a Willard, ndinakwiyira Japhet ndi nsapato zakezo, ndipo ndinamumvera chisoni mng'ono wanga kuposa tsiku lina lililonse. Makanda onse a pa Ulongwe anawaveka iye, ndipo tsopano waveka ndi mwana wa mwamuna wake yemwe, osadziwa.

Ida anamaliza mzere umene ankaluka, n'kuika masipoko pamiyendo. Anafunsa ngati mwanayo wayamba kuyenda. Japhet anati akuthamanga ndithu. Anafunsa ngati akufanana ndi bambo ake. Japhet anati kope ndi lomwelo, kungoti mutu sunakule. Ida anagwedeza mutu, n'kupinda nsalu yatsopano ija, n'kuika sopo pamwamba pake, n'kukankhira zonse kwa Japhet. Kenako anandiuza kuti nditume mawu kwa amalume, nkhoswe yake, abwere mawa akamasule ukwati.

Apa mtima wanga unabwerera. Kukwiya n'kwina, kuthetsa banja n'kwina. Ndinamuuza kuti asapupulume monga mwa chizolowezi chake. Ndinati amuna ambiri amatero ku Halale, koma nyonga zikatha amabwerera kwa mkazi woyamba. Ndinati nkhani yaikulu chonchi siimalizidwa tsiku limodzi ngati kachipewa, aphunzire kudikira kamodzi kokha m'moyo wake.

Anandiyang'ana, ndipo m'maso mwake munali misozi imene sanaipukute.

"Achemwali, kuchokera tsiku lija pa Balaka ndakhala ndikuchita chiyani m'nyumba umu?"

Ndinadzuka, n'kumanga nsalu yanga, n'kupita ndekha kukawaitana amalume.