Kasingano Kotsala m'Chitini

Mwana wamkazi atafika kudzawatenga bambo ake, anawapeza kuseri kwa nyumba atakhala pakampando, makina otchetchera udzu ali pambali, kabuleta yake, kachipangizo kopereka petulo ku injini, ili m'manja.

Chimwalirireni mayi, mkuluyu ankakhala yekha, ndipo mutu unali utayamba kumuthawa. Tsiku lina anasiya sitovu ikuyaka n'kupita kokameta. Koma kuuza makaniko wakale kuti sangathenso kudzisamalira n'kuputa mavu.

"Tipangane, mwanawe," anatero osadzutsa mutu. "Makinawa akalira, ndikhala pano. Akakana, ndikutsata."

Mwanayo anavomera, poti akanatani?

Petulo wakale anali ataumira m'kabuletamo, wasanduka phula. Bambowo anaviika tizitsulo tonse m'chitini cha parafini n'kumatitsuka ndi mswachi wakutha. Kabowo kodutsa petulo anakatokosa ndi kawaya, anakauzira mpweya ndi pakamwa, kenaka anakaloza kudzuwa diso limodzi atatsinzina. Manja aja analibe chibwibwi. Mwanayo mtima unamugwa, pakuti anaona kuti bambo ake apambana, iye abwerera yekha, ndipo foni ikamalira azidzidzimuka.

Bambowo anayamba kubwezeretsa tizitsulo tija. Analowetsa kapulasitiki koyandama, anavundikira kabakuli kake, anamanga bauti, kabuleta n'kubwerera pa injini. Koma kasingano kotseka petulo kuti asasefukire kanatsala pansi pa chitini. Mwanayo anakaona. Anakulira m'galaja akupatsira bambo ake masipanala, ndiye ntchito ya kasinganoko ankaidziwa bwino lomwe. Anatsekula pakamwa, n'kupatsekanso.

Bambowo anathira petulo n'kukoka chingwe. Injini inangotsokomola. Anakokanso, anakokanso, thukuta lili kamukamu, petulo akuchucha pasimenti mpaka kunyowetsa nsapato zawo. Atatopa anakhala pansi, ndipo maso awo anagwera m'chitinimo.

Anavuula kasingano kaja ndi zala ziwiri n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Unakaona?"

"Ndinakaona, bambo."

Kumasula bauti imodzi n'kukabwezera pamalo pake sikukanatenga nthawi. Onse awiri ankadziwa zimenezo, ndipo mwanayo anali wokonzeka kugonja. Koma mkuluyo anangokapukuta kasinganoko pamalaya n'kukaika pamwamba pa makinawo.

"Ana onse amene ndinawaphunzitsa ntchito ndinkawakalipira chifukwa cha kameneka," anatero motsitsa mawu. "Lero ndikalipire ndani?"

Mwanayo anali atapeza chimene anabwerera, koma sanasangalale nacho.

Bambowo anadzuka pang'onopang'ono, akugwira khoma. Anayang'ana udzu umene unali utafika m'mawondo, kenaka bokosi lawo la zitsulo.

"Kwanuko masipanalawa ali ndi powasunga?"

Mwanayo ankakhala pamwamba panyumba yosanjikizana, m'zipinda zothinana, kopanda udzu ngakhale wa mankhwala.

"Malo alipo, bambo," anatero, n'kunyamula bokosilo asanamuone misozi.