Tsiku Limene Sitima Inaimanso

"Ika pansi mbendera imeneyo," anatero achimwene kwa mlongo wawo. "Anthu atiseka mokwanira."

Mlongo wawoyo anaikutumula fumbi n'kutuluka. Panali patatha masiku atatu chiikire bambo awo m'manda, ndipo achimwene anali ataunjika kale zoti atenthe: chipewa, wezulo ndi mbendera ziwiri.

Malemuwo anali mkulu wa siteshoni. Itatsekedwa, denga linamera miyendo, mabenchi anathera pamoto, mbuzi zinalowa ufumu mu ofesi ya matikiti. Koma bambo aja, makani! Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankasesabe pokwerera, n'kumakwezera mbendera sitima ya katundu yongodutsa. Anthu ankati mutu unawazungulira. Mawu amenewo ankamuwawa mwana wamkaziyu kuposa imfa yeniyeniyo, ndipo sanafune kuti bambo ake akumbukiridwe choncho.

Anakaima pamene bambo ake ankaima, nakweza mbendera yobiriwira. Achimwene anali akubwera kudzamukoka pamene njanji inayamba kunjenjemera. Kenaka mabuleki analira, sitima n'kuima. Anthu anasiya makasu m'minda, liwiro la ku siteshoni.

Woyendetsa anatsika. "Madala ali kuti? Masiku angapo osawaona."

"Anatisiya," anayankha mwana wamkazi uja.

Woyendetsa uja anavula chipewa. "Mayi, mbendera iyi ndiyo inkatiuza kuti njanji ili bwino. Ankayenda wapansi mpaka kumlatho m'mawa uliwonse. Chaka cha madzi osefukira chija anatikwezera yofiira komweko. Pakanapanda iwo, ine bwenzi kulibe."

"Kunyumba sananenepo," anatero achimwene.

"Akanena bwanji? Iwo yawo inali kutikalipira basi. Tikachedwa ankatiimikira zala, chala chimodzi mphindi imodzi. Tinkawaopa kuposa mabwana athu!"

Mayiyo anaseka misozi ikutsika. Anayang'ana gulu lonse lija, oseka dzana, mmodzimmodzi, ndipo mtima wake unadzaza ndi kunyada. Palibe amene anadzutsa mutu.

Sitima itayamba kusuntha, achimwene anapisa m'thumba n'kutulutsa wotchi ya bambo awo. Anaiyang'anitsitsa, napukusa mutu. Kenaka anakweza dzanja kuloza kwa woyendetsa, zala zinayi zili njo.

Hutala inalira mpaka sitima inakhota kuseri kwa phiri.