Amene Anapha Mkazi wa Wosula Golide

Tsiku lomaliza limene Nirmal anaona bambo ake ali moyo, bambowo anali pakhonde la nyumba yawo ku Meerut, atavala vesiti yobooka, akuyeserera kufa. Anadzigwira pakhosi, kutulutsa lilime, kugwa chagada, kenako n'kudzuka kukalemba mmene thupi limagwera.

"Babuji, anthu akuonatu," anatero Nirmal, n'kuthamangira basi ya ku koleji. Sabata isanathe mtima wawo unaima, popanda woonerera. Nirmal sanabwererenso kukolejiko.

Bambo akewo, a Omkar Tyagi, ankalemba mabuku a apolisi ofufuza milandu, aja a pepala lotuwa ogulitsidwa pasiteshoni ya sitima. Lomaliza linatuluka gawo loyamba lokha, lothera pamene Inspekita Tikaram wakweza chala kuti aloze wakupha. Nirmal anali asanawerengepo ngakhale limodzi. Ankachita nawo manyazi.

Masana ena chitseko chinagwedezeka ndi chibakera. Anali Bhura Pehelwan, chimphona cha kumsika wa zitsulo, chimene chinali chitangotuluka kundende chifukwa chothyola munthu msana. Analowa osavula nsapato, anakhala pampando wa malemu, natulutsa mpeni n'kuyamba kusenda gwafa.

"Mdala ali kuti?"

"Anamwalira, Pehelwan-ji."

Mpeni unaima.

"Ndiye ukudziwa ndiwe. Anapha mkazi wa wosula golide ndani?"

"Ine sindinaphe munthu, bwana, ndikulumbira!"

"M'buku, chitsiru iwe!" Bhura anaponya patebulo kabuku kothothoka zikuto. "Selo yonse tinkamenyanirana kameneka. Wina ndinamugulula mano chifukwa ankati wakupha ndi mlamu wa mkaziyo. Nena."

Nirmal anayang'ana mpeni, anayang'ana khomo. Linali kutali.

"Ndi... wophika."

"Wophika?" Bhura anaimirira pang'onopang'ono mpaka mutu unagunda fani ya kudenga. "Wophika uja anamupeza m'chitsime buku likungoyamba? Anavuuka n'kukapha, n'kubwereramonso?"

"Mwina dokotala..."

"Mulibe dokotala m'menemo."

Panalibenso bodza lotsala. Nirmal anatsamira khoma. "Sindinawerengepo. Bambo ankandipempha kuti ndimve mutu umodzi wokha, ine ndinkati ndili ndi mayeso."

Anatseka maso kudikira. Chimene anamva ndi nsapato zikuvulidwa. Atatsegula anaona chimphona chija chili chilili opanda nsapato, chitaphatikiza manja ngati chikupemphera kutsogolo kwa chithunzi cha malemu chokolekedwa nkhata ya maluwa ofota. Chinafwenthera mwamphamvu.

"Munthu uyu ankatiseketsa pamalo posasekeka," chinatero, osacheuka. Kenako chinatola mpeni, n'kukankhira kabuku kaja pachifuwa pa Nirmal. "Uwerenge onse. Gawo lachiwiri ulemba iwe, mphwanga. Likakhala lopusa ndidziwa, ndipo pakhomo pano ndapaona."

"Sindidziwa kulemba, Pehelwan-ji."

"Ndidzabwera kudzalitenga."

Nirmal anagwira kabukuko ndi manja awiri. Kankanunkha thukuta la anthu ambiri.

"Liti?"

"Pa 14 Janyuwale."