Chipinda cha Anthu Awiri

Nkhani ya chilumba anayambitsa ndi Ulemu, mwana wanga. Anabwera kuno ku Oshawa Loweruka lina mu Januwale kuchokera ku Hamilton, komwe ndi namwino. Anatsegula firiji, n'kupezamo mazira atatu ndi botolo la mkaka, n'kutsekanso.

"Adadi, mukupita ku holide," anatero. Chichewa chake chimathera pa mawu ngati amenewo, ndiye zotsalazo anamaliza m'Chingerezi. Anati ndipite ku Jamaica kwa sabata imodzi, ndikaothere dzuwa m'mbali mwa nyanja. Zandege akonza yekha, ine ndingosankha hotela lisanadutse Lachisanu, chifukwa ndilo tsiku lomaliza lopereka fomu ya tchuthi kuntchito kwanga.

Sindinakane. Kukana kumafuna kufotokoza.

Maulendo athu onse ankakonza ndi Kettie, mkazi wanga, amene anatisiya chaka ndi miyezi iwiri yapitayo. Ndipo onsewo ankaloza kumodzi: ku Dedza, ndi masutikesi anayi odzaza nsapato za ana a eni. Ulendo wopita kumene kulibe ukwati, kulibe maliro, kulibe ngakhale munthu wodzakuchingamira, ine sindinkaudziwa.

Ntchito yanga ndi yoyeza magazi mu labotale ku Toronto. Ndinazolowera kuti nambala ikakwera, pali chimene chakwera. Choncho ndinatenga pepala, ndinajambula mizere, n'kuyamba kulemba mahotela amene tsamba la pa intaneti linandionetsa. Analipo makumi anayi ndi imodzi. Ina inali ya nyenyezi zinayi ndi theka, koma theka losowalo sananene kuti linali la chiyani. Pa hotela imodzimodziyo, mlendo wina analemba kuti mchenga wake ndi woyera ngati ufa, wina amene anagonako sabata yomweyo analemba kuti gombe lonse ndi ndere zonunkha. Ina inkanyadira malo odyera asanu ndi awiri, ngati munthu ali ndi mimba zingapo. Ina inali ndi bala ya pakati pa dziwe, yoti uzikafikako chosambira. Ine sindimwa, komanso sindidziwa kusambira.

Pofika Lachiwiri madzulo, pepala langa linasonyeza kuti hotela imodzi yaposa zonse. Sindinadziwe ngati ndinaikonda, inangopambana. Ndinajambula zimene zinali pa foni n'kutumizira Ulemu, kenako n'kupita kukachotsa chipale cha sinowo chimene chinaunjikana pakhomo.

Ulemu sanayankhe. Lachitatu lonse foni yanga inali zii, chinthu chimene chinandidabwitsa, chifukwa gulupu ya WhatsApp ya abale a Kettie sigona. Muli anthu makumi awiri ndi atatu, ndipo m'mawa uliwonse ndimadzukira mavesi, zithunzi za mbatata ndi madandaulo a feteleza. Tsiku limenelo munalibe ngakhale "mwadzuka bwanji".

Lachinayi m'mawa ndili m'sitima, m'chipinda cha pamwamba mmene anthu salankhula, foni inanjenjemera. Anali a Medson, mchimwene wake wamkulu wa Kettie, amenenso anali nkhoswe ya ukwati wathu. Munthu wotere sumusiya foni ikulira. Ndinayankha monong'ona.

Anayamba ndi mvula, kenako bondo lawo, kenako mtengo wa mafuta. Tikudutsa ku Whitby ndiye anatsokomola.

"Alamu, chithunzi chija tachiona."

"Chithunzi chiti?"

"Cha bedi. Bedi lalikulu ndithu. Maluwa amwazidwa ponseponse, ndi mbalame ziwiri zopinda ndi matawulo, zikugundanitsa milomo."

Ndinachotsa foni kukhutu n'kuyang'ana. Chithunzi cha hotela sichinapite kwa Ulemu. Chinali m'gulupu, ndipo onse makumi awiri ndi atatu anali atachiona.

"Pamwamba pake palembedwa kuti akuluakulu awiri," anapitiriza a Medson. "M'munsimu alemba kuti malowo ndi a okondana okha. Ndinaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu, alamu, sindinafune wondiwerengera."

"Alamu, zimenezo..."

"Musadzivute. Sitinakwiye. Dzulo tinakhala pansi ndi azakhali, tapeza kuti olakwa ndife. Munatibweretsera mchemwali wathu, tinamuika, chaka chatha, koma sitinakusudzuleni. Munthu wamwamuna mungadikire mpaka liti? Ndiye Lamlungu likubwerali tisonkhana, tidzakuimbirani ya kanema, tikumasuleni mwamwambo. Mukatero mupite kunyanjako mutu uli m'mwamba, osati mozemba."

Mayi amene anakhala moyang'anana nane anandilozera chikwangwani choletsa phokoso. Ndinati ndiimbanso, n'kudula.

Kusudzula ndinkakudziwa. Akuchikazi amauza mkamwini woferedwa kuti ukwati wathera pamenepa, pitani mukakwatire kumene mungafune. Ndi ulemu, ndipo ambiri amakudikira. Koma ine kuchokera pamenepo mpaka ku Union Station ndinangoganiza chimodzi: akandimasula, ndidzakhala ndani kwa anthu amenewa? Ulemu ndi wawo kale, mwana ndi wa kuchikazi. Ine makolo anga anapita, mng'ono wanga ali ku Joni ndipo timalankhulana pa Khirisimasi. Gulupu ya mbatata ija ndiyo imachititsa foni yanga kulira m'mawa.

Nthawi ya nkhomaliro ndinaimbira Ulemu. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Ankolo akuganiza kuti muli ndi chibwenzi? Inuyo?" Kenako anafunsa kuti kusudzula ndi chiyani. Nditamufotokozera, anasiya kuseka. Anati ndingowauza zoona: tsambalo limadziikira lokha anthu awiri, aliyense amadziwa zimenezo.

Ankanena zoona. Koma nambala ija ndinaiona kuyambira Loweruka. Pambali pake panali kabatani kochepetsera. Hotela iliyonse imene ndinatsegula, kabataniko ndinkakaona, n'kukadumpha. Pepala langa lonse, ndi mizere yake yowongoka ija, linali la anthu awiri. Ndinali nditachotsera mamalikisi hotela ina chifukwa cha masitepe ambiri, pomwe ine mawondo anga ali bwinobwino. Amene ankavutika ndi masitepe anali Kettie. Zimenezi sindinamuuze Ulemu.

Lachisanu m'mawa ndinafika msanga pa siteshoni, ndinakhala m'galimoto injini ikulira kuti ndisaume ndi kuzizira, n'kuimbira a Medson. Kwawoko kunali masana. Ndinawalola amalize za mvula.

"Alamu, palibe mayi aliyense," ndinatero.

"Aaa, musachite manyazi ndi ine. Si mayi Bertha aja? Aja ankakupatsani madzi pa mwambo wa kutchalitchi kwanuko? Tinawaona pa kanema. Azakhali anabwezera kanemayo kawiri."

"Mayi Bertha ali pabanja. Amuna awo amayendetsa thiraki ku Brampton, ndi munthu wodzaza chitseko. Chonde dzina limenelo lisamvekenso."

"Oho. Ndiye ndi mzungu? Ifetu sitisankha."

"Palibe munthu, alamu."

"Nanga wachiwiriyo ndani? Kapena kumeneko amakupatsirani konko?"

Ndikanatha kunena za tsamba lodziikira lokha nambala. Mawuwo ndinali nditawakonza. Koma a Medson ndi amene anaima pambali panga tsiku la ukwati, ndi amenenso anandigwira mkono kumanda.

"Ndinasiya momwe zinalili," ndinatero. "Sindinachotse. Ndinazolowera kuwerenga awiri."

 Ndinamva njinga yamoto ikudutsa kumbali kwawoko, ndi mwana wina akuitana mnzake. Kuno sitima yanga inafika, inatsegula zitseko, inatseka, n'kupita.

"Ndamva," anatero potsiriza. "Nanga za Lamlungu?"

"Musandisudzule. Panopa ayi."

"Bwanji? Si chilango chimenechi, alamu."

"Ndikudziwa. Koma mukatero, ine ndiye kuti..."  Ndinakonza kalilole wa galimoto amene anali bwinobwino.

"Iii, alamu! Mukuganiza kuti tikakusudzulani tikuchotsani pa gulupu? Wochotsa anthu pamenepaja ndine, ndipo sindidziwa n'komwe pamene amadina. Eric anasiyana ndi mdzukulu wathu zaka zinayi zapitazo, mpaka lero akutitumizira mavesi." Anaseka, kenako anatsitsa mawu. "Chabwino. Tiimika. Tsiku limene mudzafune, mudzanena ndinu. Azakhali anagula kale nkhuku, koma imeneyo tingodya."

"Zikomo."

"Koma pali chimene sindikumvetsa. Ku Jamaica kumeneko mukukaona ndani?"

"Palibe."

"Kuli msonkhano wa kuntchito?"

"Ayi."

"Nanga mukukatani?"

Ndinaganiza kaye. "Kukhala. Kuyang'ana madzi."

"Kukhala basi? Mipando yatha ku Oshawa?"

Ndinawauza kuti funso limenelo akamufunse Ulemu, mwana wa mchemwali wawo, chifukwa nanenso sindinalipezere yankho.

Sitima yotsatira inali itatsala mphindi makumi awiri. Ndinatsegula tsamba lija, n'kudina kabatani kochepetsera. Palibe chachikulu chinachitika. Nambala inasintha, foni inazungulira pang'ono, ndipo mahotela makumi anayi ndi imodzi aja anatsala khumi ndi awiri. Yopambana ija, ya mbalame za matawulo, inasowa. Pepala langa linali kunyumba, ndipo ngakhale likanakhalapo silikanandithandiza.

Ndinawerenga zotsalazo mmene zinabwerera. Yachisanu ndi chimodzi inali yaing'ono, ya nyenyezi zitatu ndi theka, yokhala ndi malo odyera amodzi. Mlendo wina anailembera mokwiya kuti kulibe chochita, nyimbo amazimitsa msanga, ndipo anthu amangokhala pansi pa mitengo kuwerenga mabuku. Wina analemba kuti ndi yaphokoso chifukwa cha atambala a m'mudzi wapafupi. Sindinadziwe kuti woona ndani. Ndinaona kuti aliyense mwa awiriwo akakhala woona, ndikhoza kupirira. Masitepe inali nawo, ochuluka ndithu, otsikira kugombe. Ndinabukitsa.

Ndinalembera Ulemu dzina la hotela, n'kuonetsetsa kawiri kuti uthengawo wapita kwa iye. Kenako ndinajambula tsamba lotsimikizira, pamene panalembedwa munthu mmodzi, ndipo ulendo uno ndinalitumiza dala m'gulupu.

Ndili m'sitima, tisanafike ku Ajax, foni inayamba kunjenjemera. Kunabwera vesi, kunabwera manja opemphera, wina anafunsa ngati ku Jamaica kuli nsapato zotchipa. Uthenga wa a Medson unabwera pomaliza.

"Taona, alamu. Koma bedi likadali lalikulu."

Ndinayang'ananso chithunzicho. Ankanena zoona. Ndinayamba kulemba yankho, ndinafufuta, n'kuika foni m'thumba, chifukwa fomu ya tchuthi inali isanadzazidwe.