Inde wa Bambo Anga

Chinali chaka chachitatu bambo anga ali m'tauni ya Alice Springs, akutsukidwa magazi pa makina katatu pa sabata chifukwa impso zinasiya ntchito. Kumudzi kwathu, ulendo wa tsiku lathunthu m'chipululu, makinawo kulibe.

Ine ndimamasulira Chiwalpiri, chilankhulo chathu, pachipatala pomwepo. Bronwyn, mayi wofufuza za mankhwala atsopano, atabwera ndi mapepala ake oti bambo asaine kuvomera kuyesa mankhwalawo, anaitana ine. Anawerenga masamba asanu, ine ndikumasulira, bambo akungoti "Inde," maso ali pansi. Kwathu mlendo sumukana pamaso. Umavomera, zina mukaonera kutsogolo. Azungu amasangalala naye inde ameneyu, ndipo n'chifukwa chake womasulira amasainanso, kuchitira umboni kuti munthu wamvetsa.

"Bambo, mwavomera chiyani?" ndinafunsa.

"Iwe Nangala, wandiyesa mwana wasukulu? Ndikamwa mankhwala akewo andichotsa pa chimakinachi, ndizipita kwathu."

"Sananene zimenezo."

"Nanga mzungu angavutike ulendo wonsewu ndi mankhwala osachiritsa? Mutu wakowo umagwira?"

Ndinamuuza Bronwyn zimene bambo ananenazo. Anayambiranso pang'onopang'ono, ine ndikutsatira mawu ndi mawu: ena alandira mankhwala enieni, ena mapiritsi opanda kanthu, ndipo palibe amene achoke pa makina. Olo mmodzi.

"Mpaka liti?" anafunsa bambo.

Bronwyn anandiyang'ana. Ndinayankha ndekha m'chilankhulo chathu, mawu amene madokotala anakhala akuwazungulira zaka zitatu. "Mpaka kufa, bambo."

"Inde," anatero, n'kutambasula dzanja kuti alandire cholembera.

Ine sindinasaine. Bronwyn anapinda mapepala ake, nati ndachita bwino, lamulo likutero. Mumtima sindinamve kanthu, ngakhale chisoni. Ndinapita kukawagulira bambo tiyi, iwo anamwa theka.

Lachisanu mpando wawo wa pa makina unali wopanda munthu. Msuweni wanga Jakamarra anali atawanyamula m'mawa pa galimoto yake kupita nawo kumudzi, ndi bulangete limodzi ndi chipewa. Munthu wosiya makina amakhala moyo sabata ziwiri, akalimba zitatu.

Namwino anandipeza pakhonde, foni ili m'manja. "Tiwatumizire galimoto? Mwinatu sakudziwa chimene akuchita."

Ndinayang'ana mapaipi atapachikidwa pa makinawo, oyera, okonzekera munthu wina.

"Akudziwa," ndinatero. "Ndinawamasulira ndine."